Kachilombo ka poliyo kali ndi anzake m'mimba mwathu

Pokonzekera nkhaniyi ndinafunsa angapo a inu kuti poliyo imabwera bwanji. Wina anati ndi mphepo ya m'phiri muno, wina anati ndi ufiti, wachitatu anangoti, "Aise, zimenezo zinatha kalekale." Ndiyambe ndi wachitatuyo.

Pa 17 February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina wa zaka 3 ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo. Mwanayo anapuwala mu November 2021. M'dziko muno matendawa anali ataoneka komaliza mu 1992, ndipo mu August 2020 bungwe la WHO linali litalengeza kuti mtundu wa poliyo umenewu watha mu Africa. Atakapima kachilomboko anapeza kuti n'kapachibale ndi kamene kanali kuzungulira ku Sindh, m'dziko la Pakistan. Mu May 2022 kanapezekanso ku Tete, ndipo chaka chimenecho ana 8 a m'chigawocho anapezeka ndi matendawa. Tete si kutali: ukangodutsa pa boda ya Dedza wafika ku Angonia, ndipo ambirife tili ndi abale kumeneko.

Nanga kanayenda bwanji ulendo wonsewo? M'matumbo mwa anthu. Poliyo safuna udzudzu, galu kapena nkhuku. Amalowa pakamwa, n'kuchulukana pakhosi ndi m'matumbo, kenako n'kumatuluka ndi chimbudzi kwa milungu ingapo. Chovuta n'chakuti anthu ambiri amene akatenga samva kalikonse. Mwa anthu 200 otenga kachilomboka, amene amapuwala mpaka kalekale ndi mmodzi. Ndiye ukaona mwana mmodzi wopuwala, dziwa kuti pali anthu ambirimbiri amene anakanyamula akuyenda bwinobwino, akugula kachewere pa Chimbiya, akupatsana moni wa m'manja pamaliro.

Tsopano mbali imene inandidabwitsa ine. M'matumbo mwathu si mopanda eni. Muli mabakiteriya osawerengeka, ndipo ambiri ndi otithandiza: amagaya zakudya zimene thupi palokha silingathe, amapanga mavitamini ena, komanso amadzaza malo kuti tizilombo toipa tisowe pokhala. Munthu ungaganize kuti vairasi ikalowa, eni mudziwa amaithamangitsa. Koma mu 2011 gulu la Julie Pfeiffer, ku Dallas m'dziko la America, linayesa pa mbewa (osati zathu zija za pamsewu, izi n'za mu labotale). Mbewa zina anazimwetsa mankhwala opha mabakiteriya, kenako zonse anazipatsa poliyo. Zotsatira zake zinali zosemphana ndi zimene ambiri akanayembekezera: mbewa zimene mabakiteriya ake anaphedwa ndi zimene zinapulumuka kwambiri. Anapeza kuti kachilomboka kamamatirira pa chikopa cha mabakiteriya, ndipo kakatero kamalimba, sikaonongeka msanga, komanso kamagwira maselo athu mosavuta. Kamachita ngati mlendo wochenjera amene amayamba wapalana ubwenzi ndi ana a pakhomo.

Ndikuona ena mwayamba kale kuwerengera kuti ndiye tikagule Bactrim pa golosale, tiphe onse. Chonde ayi. Mankhwala amenewo sapha vairasi ngakhale imodzi. Amangopulula mabakiteriya abwino aja, munthu n'kuyamba kutsegula m'mimba, ndipo otsalawo amazolowera mankhwala moti tsiku lodzadwala chibayo sadzagwiranso ntchito. Ine chizolowezi chomwa makapisozi pa chimfine chilichonse chimandiopsa kuposa chimfinecho.

Nkhani ya m'matumboyi imakhudzanso katemera. Wa rotavirus, kachilombo kamene kamatsegula m'mimba ana akhanda, anayamba kuperekedwa m'Malawi mu October 2012. Pamene ankamuyesa ku Blantyre ndi ku South Africa, anateteza matenda aakulu ndi 49 peresenti kuno, 77 peresenti ku South Africa, pomwe ku Ulaya anaposa 90. Katemera yemweyo, wodonthezera mkamwa. Ofufuza amaloza zinthu zingapo, ndipo chimodzi ndi momwe m'matumbo mwa mwana mulili: tizilombo tina tomwe tafikamo kale, kutsegula m'mimba pafupipafupi, kuperewera kwa zakudya. Komabe musanyoze 49 ameneyo. Popeza matendawa ndi ochuluka kuno, katemerayu anapulumutsa ana ambiri ku matenda aakulu ku Malawi kusiyana ndi ku South Africa. Madontho a poliyo nawonso sagwira mwamphamvu ulendo umodzi m'matumbo otere. N'chifukwa chake mu 2022 alangizi a zaumoyo ankabwera khomo ndi khomo mobwerezabwereza, mpaka makolo ena kuyamba kukayika kuti mwina pali chobisika. Panalibe chobisika. Ankafuna kuti mwana amene sanagwire ulendo woyamba agwire wachiwiri kapena wachitatu. Mu May 2024 mliriwo unalengezedwa kuti watha ku Malawi ndi ku Mozambique.

Tsono ifeyo. Tikaperekeza alendo kukaona zojambula za pa Chentcherere kapena pa Mphunzi, tikapita kokatola nkhuni ndi bowa, timadzithandizira kuti? Mvula ikagwa zonsezo zimatsikira ku madambo kumene amayi amatunga madzi mjigo ukafa. Pabwalo lathu la mpira anthu amasonkhana Loweruka lililonse, ana akudya zitumbuwa, koma palibe posamba m'manja. Ndikupempha a cheyamani kuti tisanabalalike tisankhe anthu anayi okhoma mpondagiya pamenepo. Chigubu ndi chingwe ndibweretsa ine, sopo tisonkherane. Ndipo nonse amene muli ndi mng'ono kapena mlongo wosakwana zaka 5, mukafika kunyumba mukapemphe amayi buku lake la kusikelo, mukaone ngati mizere ya katemera yadzaza.