Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chionetsero cha Amalonda Ang'onoang'ono



Inu ogulitsa tomato, atelala, owotcherera, eni maokala, ndi inu okhala pa kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba, mumadziona ngati anthu wamba. Komatu mwana wa m'dera lino phungu amangomuona pa msonkhano, pamene inu amakuonani tsiku ndi tsiku. Akatumidwa mchere amabwera kwa inu. Amaona mmene mukuyezera, mmene mukubwezera chenji, ndi mmene mukuwayankhira agogo amene ndalama yawo yaperewera. Paja akulu anati mwana wa ng'ombe ukamupeza akudya udzu, anaonera amake.

Ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya sikelo, chifukwa imandipweteka mtima. Nyengo yokolola ikafika, m'mbali mwa misewu mumadzaza masikelo opachika m'mitengo. Mayi wasenza mtedza kuchokera kumudzi. Waulima, waukumba, wauthothola, wauswa ndi manja mpaka zala kuchita matuza. Thumba likangopachikidwa, wogula awerenga msangamsanga n'kulitsitsa mayiyo asanaone pamene muvi waima. Sikeloyo anaikhwefula kalekale. Kwina ndi ndowa: yogulira ndi yofufuma m'mimba, yogulitsira anaikhoma kunsi kuti izidzadza msanga. Tonse tikuzidziwa zimenezi, ndipo choopsa n'chakuti tazizolowera mpaka tayamba kuzitcha kuchenjera.

A Malawi Bureau of Standards amayeza masikelo n'kuikapo chidindo, koma sangakhale pa msika uliwonse tsiku lililonse. Amene angasinthe zinthu pano ndi wamalonda mmodzi wotembenuza sikelo kuti iyang'ane kwa mlimi, n'kunena kuti, "Mayi, werengani nokha." Alimi amauzanatu. Tsiku la msika lotsatira mzere udzakhala pa iyeyo, ndipo oyandikana naye adzakonza masikelo awo okha, wapolisi asanabwere n'komwe.

Ndikudziwa kuti zinthu zathina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ambiri munapita kukaoda n'kubwerako ndi theka la katundu amene munkatenga kale, ena mpamba unathera pomwepo. Mayesero obera pang'ono amakula nthawi ngati imeneyo. Koma mlimi amene mukumuberayo akugula sopo ndi feteleza pa mitengo yomweyo imene ikukulizani inu.

Za ana nazonso ndisazibise. Sukulu ya pulaimale inakhala yaulere mu 1994, ndipo lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Nanga bwanji nthawi ya 10 koloko m'mawa tikukumanabe ndi kamtsikana katasenza beseni la mandasi pa depoti? Kawirikawiri kamakhala ka mchemwali wathu, tinakatenga kumudzi ponena kuti tikakaphunzitsa. Kabwezereni m'kalasi. Mukalemba ntchito munthu wamkulu, muzimulipira tsiku limene munapangana, osati mawamawa. Mnyamata wolipidwa pa nthawi yake akadzatsegula shopu yake adzakumbukira mmene munkachitira.

Amayi a malesitilanti, mphika wanu umaonedwa ndi anthu ambiri kuposa wa pakhomo. Makala akumaliza nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera. Mukamaphikira pa chitetezo mbaula, yadothi ija yodya nkhuni zochepa, makasitomala adzafunsa kumene mwaigula, ndipo woumba mbaula nayenso apeza msika. Majumbo opyapyala boma linawaletsa mu 2015, khoti la Supreme linagwirizana nazo mu 2019, koma akadali mbwee m'ngalande zathu. Atelala muli pano, sokani zikwama za nsalu zotsala muziike pa mabenchi a anzanuwa.

Pempho langa kwa a komiti ya msika ndi ili: mugule mwala woyezera wa kilogalamu imodzi wovomerezeka, ukhale ku ofesi yanu, kuti aliyense wokayikira sikelo azitha kuutenga n'kuyesa pamaso pa anthu. Gogochalo, mutithandize kulengeza zimenezi m'midzi mtedza usanayambe kugulitsidwa.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetsero chathu chatsegulidwa. Tiyeni tikagule.