KOMPYUTA SIDZIWA KUMENE TIMATUNGA MADZI

Mau amene mmodzi wa ife analankhula pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale

 A mlembi anandipempha kuti ndikambe za makompyuta, koma mumva ndikutchula kwambiri matenda a taifodi ndi mitsinje ya Nasolo ndi Naperi. Mundipirire, nkhani zake n'zolumikizana.

Ambiri a ife tinapangapo galimoto yamawaya. Sinali galimoto yeniyeni, komabe inali ndi mateyala ndi chiongolero, ndipo ukaikankha pa chitunda unkaona mbali imene igwere. Akatswiri a masamu amachita zofanana ndi zimenezi pa kompyuta. Amamanga chifaniziro cha chinthu chachikulu, monga mzinda ndi matenda ake, n'kumachikankha uku ndi uku kuti aone chimene chingachitike. Pa Chingerezi amati model. Kusiyana kwake n'kwakuti galimoto yamawaya mwana amapanga yekha kuseri kwa nyumba, pomwe chifaniziro cha mzinda palibe angachimange yekha, kaya akhale ndi madigiri angati.

Kuyambira mu 1998, a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust akhala akuyeza magazi a odwala ofika ndi kutentha thupi pa chipatala cha Gulupu, n'kumalemba kachilombo kalikonse kopezekamo. Ndi ntchito yotopetsa ndipo palibe amaiombera m'manja. Pakati pa 1998 ndi 2010 ankapeza odwala taifodi pafupifupi 14 pa chaka. Mu 2011 anapeza 67. Pofika 2014 anali 782, ndipo pafupifupi tizilombo tonse, 97 pa 100 alionse, tinali tosamva mankhwala atatu amene madokotala ankadalira, kuphatikizapo bakitirimu amene tonse timamudziwa.

Tsono chinasintha n'chiani mu Blantyre? Panali maganizo anai. Ena ankati anthu achuluka, tathithikana. Ena ankati kunali kachilombo kena ka mtundu womwewo kamene kankatipatsa chitetezo pang'ono, ndipo katachepa tinatsala poyera. Ena ankati popeza mankhwala sakugwira, wodwala akutenga nthawi yaitali akupatsira anzake. Enanso ankati taifodi wa mtundu watsopano, wotchedwa H58, n'ngofala msanga mwachibadwa chake. Onsewa ankalankhula zomveka, ndipo akanatha kutsutsana mpaka dzuwa kulowa, pakuti sungatenge mzinda wathunthu kukauyesa mu labotale.

Apa m'pamene chifaniziro chija chinagwira ntchito. Mu 2015 mai Virginia Pitzer a ku yunivesite ya Yale ku America anatulutsa zotsatira zake pamodzi ndi madokotala a kuno, ena mwa iwo a Chisomo Msefula, a Jane Mallewa, a Queen Dube ndi a Nick Feasey. Anagawa anthu m'magulu: amene sanadwalepo, amene akudwala ndipo akufalitsa, amene anachira, ndi ochepa aja amene amachira koma kachilombo n'kutsalira m'ndulu, n'kumakatulutsa m'chimbudzi kwa zaka iwo osadziwa. Masamu ake amangonena kuti pa sabata ndi anthu angati amene achoke m'gulu ili kulowa m'gulu ilo. Kenaka anapatsa kompyuta maganizo anai aja, limodzilimodzi, n'kuona ngati ingatulutse manambala ofanana ndi a m'mabuku a ku Gulupu. Kuchuluka kwa anthu pakokha sikunakwanire kufotokoza mliriwo. Kuchepa kwa chitetezo chija nakonso ai. Zimene zinagwirizana ndi mabuku ndi ziwiri zotsalazo: odwala kupatsira anzawo nthawi yaitali, ndi kufala msanga kwa H58.

Ineyo chimene chimandikhudza pa nkhaniyi si masamuwo. Mai Pitzer akanakhala ndi kompyuta yaikulu bwanji, popanda namwino amene anatenga magazi usiku, popanda wa mu labotale amene anawayeza, popanda kalaliki amene analemba tsiku molondola zaka zonsezo, sakanakhala ndi choyerekezera. Nawo a ku Gulupu akanangokhala ndi mulu wa mapepala. Wina anali ndi mtondo, wina munsi.

Komabe mabuku a kuchipatala ali ndi malire. Amangoona munthu amene wafika pachipatala ndipo magazi ake ayezedwa. Mwana amene amai ake anamugulira mapiritsi pa golosale mulibemo. N'chifukwa chake mu 2016 anyamata ndi atsikana anayenda khomo ndi khomo mu Ndirande kulemba anthu pafupifupi 100,000, m'kafukufuku wotchedwa STRATAA amene ankachitikanso ku Dhaka m'dziko la Bangladesh ndi ku Kathmandu m'dziko la Nepal. Mwina ena a inu munawalandira, mwinanso munawatsekera chitseko poganiza kuti ndi a ndale! Ankafunsa za madzi, za chimbudzi, ndi kumene banja limathamangira mwana akatentha thupi.

Kafukufuku wina, amene mai Jillian Gauld ndi anzawo anatulutsa mu 2020, anafanizira mabanja a ana odwala taifodi ndi a ana osadwala mu Blantyre muno. Ndipo anapeza kuti chimodzi mwa zinthu zoika ana pangozi ndi kugwiritsa ntchito madzi a mumtsinje pophika ndi potsuka. Taonani pamenepa. Ukafunsa mai kuti, "Mumamwa madzi ochokera kuti?" adzakuyankha moona kuti a pakiyosiki, iwe n'kulemba kuti banjali n'lotetezeka. Koma mbale atsukira a ku Nasolo, pakuti ndowa ya pakiyosiki n'njogula ndipo sungaitaire pa mbale. Zoterezi munthu wokhala ku London sangazilote. Amazidziwa ndi amene anakulira ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Machinjiri, ndipo ngati iyeyo palibe pamene mafunso akukonzedwa, kompyuta idzawerengetsa bwinobwino zinthu zolakwika.

Chifaniziro sichichiza munthu, koma chimathandiza kudziwa pamene vuto lagona ndi pamene ndalama zochepa ziikidwe. Mu 2018 ana opitirira 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa m'kafukufuku wa katemera watsopano wa taifodi. Katemerayo anachepetsa matendawa ndi magawo pafupifupi 80 pa 100, ndipo patapita zaka zoposa zinai anali akutetezabe ndi magawo 78. Mu May 2023 boma linayamba kubaya katemerayu ana a m'dziko lonse. Makolo a m'makwalala athu omwewa ndi amene anavomera kupereka mikono ya ana awo, ndipo maina awo salembedwa pa chikuto cha lipoti lililonse.

Palinso chifaniziro china chachikulu, cha Thanzi la Onse, chimene chinayamba mu 2017. Ichi chimayerekeza zaumoyo za dziko lonse: malungo, TB, HIV, uchembere, nthawi ya anamwino ndi mankhwala amene alipo. Anachimanga ndi a Unduna wa Zaumoyo, a College of Medicine imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, ndi mayunivesite a ku York ndi ku London, gulu lililonse kulemba chigawo chake. Aliyense atha kuona mmene chinalembedwera pa intaneti.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti pa ntchito zambiri zotere ife timatenga magazi ndi kufunsa mafunso, koma gawo la masamu limachitikira kunja. Si kuti anzathuwo amatikaniza. Anthu athu odziwa ntchitoyi ndiwo achepa. Ndipo masamu ake oyambira si oopsa. Mwana wa Fomu 4 amene amadziwa maperesenti ndi magirafu atha kumanga chifaniziro cha magulu atatu m'kope lake, ndi pensulo, kompyuta isanafike n'komwe.

Choncho a wapampando, pokambirana za thumba lathu masana ano, ndikupempha kuti pambali pa malata a holo tiganizirenso makompyuta angapo ndi kangachepe kothokozera mphunzitsi wa masamu amene angamatsalire ndi ana Loweruka. Ine ndidzabwera Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kudzamuthandiza. Amene angafune kubwera nane alembetse kwa a mlembi tisanapite kukadya.