Zimene Tinaphunzira pa Makina Oswetsera Mazira

 Tapemphedwa kuti tifotokoze za makina oswetsera mazira aja tinagula ndi ndalama zosonkha, pakuti ena mwa inu mwagula anu kunyumba ndipo mukudandaula monga tinadandaulira ife.

Ulendo woyamba tinaikamo mazira 60 a nkhuku za Mikolongwe, titalonjeza kale amai amasiye kuti tidzawagaŵira anapiye. Tsiku la 21 linakwana, m'makina muli zii. Pa tsiku la 23 panatuluka anapiye 9 okha, ofooka. Sitibisa, panali kung'ung'udza, ndipo mai amene ankasunga makinawo kwao analira misozi, poti ena ankati ali ndi dzanja loipa. Chonsecho mlandu sunali wao.

Alangizi a ziŵeto atabwera anati tiswe mazira otsalawo. Fungo lake musafunse! Osukusa anali ochepa, ambiri munali anapiye atafera m'kati. Anatiuza kuti tiike choyezera kutentha cha kuchipatala chija pambali pa mazira, ndipo tinapeza kuti manambala a pa makina ankatinamiza. Ankaonetsa 37.5 pamene m'kati munali 36 basi. Makina okhala ndi fani amafuna madigiri 37.5, ndipo opanda fani amafuna 38.5 kapena 39 poyeza pamwamba peni-peni pa mazira. Mukazizira anapiye amachedwa kuswa. Mukatentha kwambiri amafulumira, ena amapindika miyendo, ena amafera momwemo. Tsono makina ayambe ayaka tsiku lathunthu opanda mazira inu mukuyeza, ndipo asakhale pafupi ndi zenera pamene pamafika dzuŵa kapena mphepo.

Ulendo wachiŵiri unali m'mwezi wa Okutobala, kunja kuli gwa, ndipo apa tinalakwa pa madzi. Anapiye anaboola bwino-bwino, koma ife ndi chimwemwe tinkangotsekula chitseko kuti aliyense aone. Chinyontho chonse chinathaŵa, kachikopa ka m'kati mwa dzira kanauma nkumatirira mwanapiye, osatha kutembenuka. Kuyambira tsiku la 18 chitseko chisatsekulidwe wamba, ngakhale abwere Amai Busa amene.

Masiku 18 oyamba chinyontho chikhale pa 50 kufikira 55 peresenti, masiku atatu otsiriza 65 kufikira 70. Chimene chinatidabwitsa nchakuti chinyontho sichichuluka chifukwa madzi ndi akuya, koma chifukwa mbale ndi yotambalala. Chikachepa, onjezani mbale ina kapena kansalu konyowa, ndipo madzi ake akhale ofunda. M'nyengo ya dzinja mpweya umakhala wonyowa kale, motero mbale imodzi yaing'ono ikwanira.

Amene mulibe choyezera chinyontho musade nkhaŵa, dzira lomwe limanena. Usiku liunikeni ndi tochi. Kumbali yake yaikulu kuli kampata ka mpweya kamene kamakula pang'ono-pang'ono, ndipo pofika tsiku la 18 kayandikire gawo limodzi mwa magawo atatu a dzira. Kakakhala kakang'ono ndiye kuti madzi mwachulukitsa, ndipo mwanapiye angathe kutsamwa ndi madzi poboola. Kakakula msanga, madzi achepa.

Mazira tiziwatembenuza katatu kapena kasanu pa tsiku kufikira tsiku la 18, titalemba chizindikiro ndi pensulo mbali imodzi kuti tisasokonezeke. Magetsi akazima, monga mudziŵa kuti amazima, fundikani makina ndi bulangete koma osatseka timabowo ta mpweya. Akachedwa kuyaka, ikanimo botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu, losakhudza mazira.

Ulendo wachitatu mazira 60 anatipatsa anapiye 47, ndipo amai amasiye analandira gawo lao. Makina akali kwa mai omwe aja. Ofuna kuikamo mazira mwezi wa maŵa alembetse kwa Msungichuma tikatuluka, ndipo abweretse mazira oyera, osatsuka, osapitirira sabata imodzi chiikiridwe.