Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano Wokonza Mapulani a Misewu ya m'Boma la Phalombe, ku Migowi



Mwanditcha mlendo, koma mchombo wanga unagwera konkuno, kunsi kwa phiri la Michesi. Ntchito ya misewu ndiyo inandiyendetsa m'maboma ena mpaka imvi zinabwera. Choncho ndikayankhula mopanda kupsatira, dziwani kuti akuyankhula ndi mwana wanu.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa pali zoti tithokoze. Pamene Phalombe ankapatulidwa ku Mulanje mu 1998 kuti akhale boma palokha, ulendo wa ku Zomba nthawi ya dzinja unali woyamba watsanzika abale. Lero tili ndi msewu wa phula wochokera ku Zomba kudzera pa Jali ndi pa Phalombe mpaka ku Chitakale, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Ntchitoyo inatenga zaka zoposa 10, ana amene anabadwa ikuyamba anali atafika kale ku sukulu isanathe, komabe inatha. Tilinso ndi msewu wochokera ku Chiradzulu kukafika ku Chiringa. Kuno ku Migowi kwaima chipatala chachikulu cha boma, chothandizana ndi cha Holy Family chimene chatisunga zaka zambiri.

Koma ndikufunseni, inu amayi mwakhala kumbuyoko: mayi wodwala matenda a uchembere ali ku Nambazo usiku wa mu February, amafika bwanji pa phulapo? Mlimi wa mpunga wa kufupi ndi Mpoto, msodzi wa matemba wa ku nyanja ya Chilwa, mnyamata wa kabaza amene wakweza matumba awiri a nandolo, onsewa ulendo wawo umayambira pa dothi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma lino lili ndi anthu pafupifupi 430,000, ndipo ambiri a iwo sakhala m'mphepete mwa phula. Lole ikalephera kufika kumudzi, venda ndiye amafika ndi sikelo yake n'kutchula mtengo umene wafuna. Msewu woipa timaulipira chaka chilichonse, pa thumba lililonse la mpendadzuwa.

Nkhani ya ndalama tiyimvetse bwino, chifukwa ambiri timagogoda pa khomo lolakwika. Malamulo a mu 2006 anakhazikitsa mabungwe awiri. Roads Authority imayang'anira kumanga ndi kukonza misewu ikuluikulu ya dziko. Roads Fund Administration imasunga thumba, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera ku msonkho umene timalipira pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, kuphatikizapo za pa zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Ndiye kuti mnyamata wa njinga yamoto wa ku Chitekesa akathira mafuta, naye waponyamo kangachepe m'thumbalo, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti msewu wa kwawo uli pati pa mndandanda. Misewu ing'onoing'ono ya m'midzi, malinga ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya mu 1998, ili m'manja mwa khonsolo. Pamenepo pali thumba la chitukuko cha boma la DDF, la CDF la m'madera a aphungu, ndalama za pulogalamu ya GESD zimene khonsolo imalandira molingana ndi mmene yagwirira ntchito, komanso ntchito za m'midzi zolipidwa.

Matumba ndi angapo, koma lililonse palokha ndi laling'ono. Dziko lino lili ndi misewu yolembedwa ya makilomita oposa 15,000, ndipo ya phula sikwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Amene angakulonjezeni phula pakhomo lililonse akukunamizani. Chimene tingathe ndi kusankha, ndipo kusankha n'kowawa. Ndinaonapo m'boma lina ndalama za chaka chonse zikugawidwa kuti mudzi uliwonse ulaweko: apa giredala yapala pang'ono, apo kamlatho kamatabwa, uko simenti matumba khumi. Mvula yoyamba itagwa, panalibe chotsala. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Milatho iwiri yolimba pa chaka imaposa makumi awiri yongokondweretsa maso pa tsiku lotsegulira.

Nanga tisankhe motani? Apa ndipo ndikufuna kukhalitsapo. M'zaka zanga zonse pa ntchitoyi ndinaphunzira kuti msewu wa kumudzi suphedwa ndi galimoto; umaphedwa ndi madzi. Ife a ku Phalombe sitifunika wotiuza. Mu March 1991 napolo anatsika ku Michesi ndi miyala yaikulu ngati nyumba, anthu mazanamazana anatisiya. Mu January 2022 kunabwera namondwe wa Ana. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anadula dera la Nkhulambe, chipatala cha kumeneko chinaonongeka, ndipo chakudya ndi mankhwala zinkafika pa helikopita chifukwa panalibe podutsa galimoto. Madzi saiwala khwawa. Pamene anadutsa mu 1991 adzadutsanso, ndipo agogo a m'mudzi amawadziwa malowo kuposa injiniya wobwera ndi mapepala kuchokera ku Lilongwe.

Choncho choyamba, mapulani athu ayambire pa malo odukaduka. Komiti iliyonse ya chitukuko cha m'mudzi ya VDC ilembe, pa mitsinje ya Phalombe, Sombani, Likulezi ndi timakwawa tonse totsika m'phiri, malo amene amatsekera anthu njira ya ku chipatala, ku sukulu ndi kumsika, ndiponso masiku angati pa chaka. Msewu wa makilomita 20 ukhoza kukhala wabwino ponseponse, koma kalavati imodzi ikakokoloka, wonsewo wafa. Ndalama ziyambe zapita pamenepo: kalavati yotakasuka yoti madzi a mvula ya masiku ano adutse ndi zinyalala zake, ngalande za m'mbali zoyera, msewu wokwera pakati kuti madzi atsetserekere kumbali, ndi miyala yomangidwa m'mawaya pamene mtsinje ukudya gombe.

Chachiwiri ndi chisamaliro. Msewu watsopano uli ndi mwambo, zovina ndi zithunzi. Kugumula mchenga m'kalavati kulibe woombera m'manja. Komatu khasu la mu October limapulumutsa mamiliyoni a mu March. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 April, nthawi imene mvula ikusiya. Tikachedwa ndi mapepala mpaka kontrakitala n'kufika mu December, ndiye kuti tathira ndalama m'matope. Ndikupempha khonsolo kuti chaka chilichonse izipatula gawo la kukonza zimene zilipo kale isanayambe zatsopano.

Chachitatu, msewu sudziwa malire a boma. Nsomba za ku Chilwa zimagulitsidwa ku Limbe. Wa ku Chiringa akafuna kukafika ku Muloza, pa chipata cholowera ku Milange m'dziko la Mozambique, amadutsa m'maboma awiri. Madzi amene amationongera misewu amachokera m'phiri limene tikugawana ndi a ku Mulanje. Khonsolo ya Phalombe ikapita yokha ku Roads Authority, mawu ake ndi amodzi. Ikapita pamodzi ndi Mulanje, Zomba ndi Chiradzulu, atagwirizana msewu umodzi woti uyambe, kumakhala kovuta kuwabweza. Mutu umodzi susenza denga. Masomphenya a Malawi 2063 akunena za ulimi wa malonda ndi kukweza matauni ang'onoang'ono. Migowi, Chiringa ndi Mpasa sizingakule ngati midzi yozungulira imadukirana nazo miyezi itatu pa chaka.

Mafumu anga, pepani ndikugwireni mwendo. Amene akulima mpaka m'ngalande ya msewu, amene akukumba mchenga pansi pa mlatho, amene akuotcha makala m'Michesi ndi amene akuzula zitsulo za pa milatho kukagulitsa, si alendo. Mumawadziwa mayina ndi ziwongo zawo. Phiri likameteka, madzi amatsika ndi ukali, ndipo palibe kalavati imene ingawakwane.

Inu a makomiti a chitukuko cha m'dera a ADC, kontrakitala akabwera m'dera lanu, funsani: ntchitoyi ndi ya ndalama zingati, zachokera thumba liti, ithe liti? Zikwangwani ziikidwe, ndipo chikalata chovomereza kuti ntchito yatha musasayine musanapite kukaona ndi maso. Aphungu ndi makhansala, mlatho sufunsa chipani cha amene akuwoloka. Mndandanda umene anthu agwirizane pano ulowe mu pulani ya chitukuko cha boma lino ndipo utsatidwe, ngakhale mlatho woyambawo utagwera m'dera la mnzanu.

Pempho langa ndi lakuti musabalalike musanalembe malo khumi oyamba, mowatsatanitsa, ndi dzina la thumba limene lilipire aliwonse. Pepalalo likamatidwe pa ofesi ya khonsolo ndi kwa mfumu yaikulu iliyonse, kuti chaka chamawa mvula ikadzasiya tidzawerenge tonse kuti ndi angati amene anthu anawoloka osavula nsapato.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti msonkhano uno watsegulidwa. Mulungu adalitse Phalombe, Mulungu adalitse Malawi.