Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Okalamba ku Chadiza



Mu 1990 bungwe la United Nations linapatula tsiku la 1 October kuti likhale la okalamba. Pa tsikuli timakonda kukamba za penshoni, ndipo m'pomveka, chifukwa ambiri a inu makolo athu amene munapuma pa ntchito munavutika kulondola mapepala anu mpaka ku Lusaka. Koma lero ndabwera ndi funso lina: usiku tulo tikakana kubwera, kukacha mumauza ndani?

Munthu amene wagwira ntchito mpaka zaka 60 sasiya malipiro okha. Mphunzitsi amasiya anzake omwe ankamwa nawo tiyi nthawi yopuma, omwe ankadziwa ngongole zake ndi matenda a m'nyumba mwake. Akafika kumudzi, aliyense amamutulira mavuto: fizi, feteleza, maliro. Amamuyesa mwini ndalama. Iye woti amutulire zake palibe. Ndiye timangomva kuti abambo aja BP yakwera, akuganiza kwambiri.

Ku yunivesite ya Harvard ku America, kafukufuku amene anayamba mu 1938 watsatira anthu kuyambira unyamata mpaka ukalamba. Anapeza kuti amene anali okhutira ndi ubale wawo ali ndi zaka 50 ndiwo anafika zaka 80 ali athanzi ndi osangalala. Makolo athu anaziona kale: kalikokha n'kanyama.

Abambo, ndikunena makamaka inu. Amayi amakumana ku chigwirizano, kuchigayo, kudimba, n'kukhuthulirana za kukhosi. Inu munaleredwa kuti mwamuna salira, ndipo mumatha chaka mukusewera nsolo ndi mnzanu osamuuza kuti mkodzo ukukuvutani. Sikuti muulule pabwalo. Munthu mmodzi akwanira: mayi a kunyumba, mlongo wanu, kapena mnzanu wa ponda apa nane ndipondepo.

Ndipo inu amene mwauzidwa, sungani pakamwa. Agogo ambiri anatseka mtima chifukwa zimene ananong'oneza dzulo anazimva kumsika, ena mpaka kutchedwa mfiti atangoyamba kuiwalaiwala. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, ndipo ndikupempha mafumu athu kuti muzidzudzule poyera.

Ana amene muli ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Migodi, mukatumiza ndalama pafoni, imbaninso. Mukafunsa kuti muli bwanji, agogo adzati ali bwino. Musadule msanga, funsaninso kachiwiri.