Musanapereke ndalama zanu: kugula kompyuta yoyamba yosewerera magemu

Izi ndi zomwe mnzathu anayankhula pocheza ndi atsikana a ku Dowa ndi Ntchisi pa Mponela. Ambiri munapempha kuti tiziike pano, ndiye nazi.

Amene mwatsika ku Ntchisi ndi ku Malomo m'mamawa, amene mwachokera ku Madisi, ku Mvera ndi pa boma la Dowa, zikomo kwambiri pobwera. Ndikuona ena mwadabwa ndi mutu wa lero. Mumati tikamba za sukulu kapena za nkhanza, ndiye mukumva zoti magemu? Dekhani, mumva.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Ndili chaka chachitatu ku koleji ndinasunga ndalama miyezi 7, ndikugulitsa zovala za kaunjika kwa anzanga. Ndinkafuna laputopu yolembera za sukulu, koma chilungamo chake ndinkafunanso kusewera FIFA. Tili ana, anyamata ankadzaza kachipinda ka PlayStation pamsika wakwathu, ife tikungodutsa ndi ndowa pamutu. Ndiye ndinalowa shopu ina mu Lilongwe. Wogulitsa anayamba wandifunsa kuti, "Mwabwera ndi achimwene anu?" Nditati ayi, ananditulutsira laputopu yonyezimira ya sitika ya i7. "Iyi ndi yamphamvu sisi, imasewera chilichonse." Ndinalipira pomwepo. Kufika kuchipinda, osewera mpira aja akuyenda ngati bilimankhwe, fani ikulira ngati chigayo, batire mphindi 20 yatha. Mnzanga wodziwa makompyuta ataiona anangogwira pakamwa. Inali i7 inde, koma ya 2012, ndipo munalibe graphics card. Risiti ndinalibe. Miyezi 7 ya thukuta langa inathera pomwepo.

Bambo uja anandipusitsa chifukwa ankadziwa kuti sindifunsa kanthu. Lero ndikufuna muchoke pano mukudziwa zofunsa. Zilipo zinayi, lembani.

Choyamba ndi purosesa. Mawu oti i3, i5 kapena i7 paokha sanena zaka za chinthucho. Onani nambala yotsatira. Ikakhala i5-8250U, nambala 8 yoyambirirayo ikutanthauza m'badwo wa 8. Ikakhala i5-10300H, ndi m'badwo wa 10. Ija ndinagula ine inayamba ndi 3. Musatsike pansi pa m'badwo wa 8, chifukwa Windows 11 imafuna kuyambira pamenepo, ndipo nthawi yomwe Microsoft inaika yosamalira Windows 10 inatha pa 14 Okotobala 2025. Chilembo chakumapeto nachonso chimanena kanthu: U ndi yosunga batire, yabwino pa ntchito za mu ofesi, pamene H ndi yamphamvu, yomwe imapezeka m'malaputopu a magemu. AMD Ryzen 5 nayonso ndi yabwino, musaiope chifukwa choti dzinalo simunalizolowere.

Chachiwiri, ndipo pa magemu ichi ndiye chachikulu, ndi graphics card. Ndi kachipangizo komwe kamajambula zonse zomwe mukuona pa sikirini, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Malaputopu ambiri otchipa alibe kapaderaka, amangodalira kamene kali mkati mwa purosesa, kolembedwa Intel HD kapena Intel UHD. Kameneko kamakwanitsa Minecraft ndi The Sims 4 mukatsitsa kuwala ndi kukongola kwa zithunzi, koma gemu ya mpira yamakono ayi. EA Sports FC 24, yomwe inalowa m'malo mwa FIFA mu 2023, imafuna GTX 1050 Ti kapena kuposa, RAM ya 8GB ndi malo okwana 100GB. Ndiye kwa woyamba kumene, NVIDIA GTX 1650 ya 4GB, yomwe inatuluka mu 2019, ndi poyambira pabwino. Thumba likalola, RTX 3050. Wogulitsa akangoti "graphics zake ndi zabooo", mufunseni dzina ndi nambala. Akayamba kuzungulira, nyamukani.

Chachitatu ndi RAM. Ili ngati mphasa yoyanikira chimanga: ikachepa, mumayanika pang'onopang'ono ngakhale dzuwa liwale bwanji. Osachepera 8GB, koma 16GB ndiye mtendere. Funsaninso ngati muli malo owonjezera ina mtsogolo, chifukwa malaputopu ena RAM yake anaiwotcherera, siichoka.

Chachinayi ndi posungira zinthu. Pali HDD, yakale ija yozungulira mkati, ndi SSD yomwe ilibe chozungulira ndipo imathamanga kwambiri. Wogulitsa adzakukopani ndi HDD ya 1TB chifukwa nambala ndi yaikulu. Sankhani SSD, makamaka ya 512GB. Komanso m'misewu yathu ya zigwembe, laputopu ikugwedezeka pa kabaza, SSD imapirira kuposa HDD.

Tsopano tibwere kuno kwathu, chifukwa anthu a pa YouTube omwe amalangiza za makompyuta sakhala ku Ntchisi. Iwo adzakuuzani kuti pa ndalama zofanana, kompyuta ya patebulo imaposa laputopu. Akunena zoona. Mutha kugula Dell OptiPlex kapena HP EliteDesk yomwe inagwirapo ntchito mu ofesi, n'kuikamo GTX 1650 yaifupi ija yosafuna waya wapadera wa magetsi, ndipo ikadzakalamba mumangosintha chiwalo chimodzi. Koma magetsi akathima, imathima nthawi yomweyo, ndi ntchito yanu yonse yomwe simunasunge. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya ma megawatt pafupifupi 130. Tinkakhala maola angati mumdima? Ndiye ngati kwanu magetsi ndi ovuta, kapena mumayendayenda pakati pa sukulu ndi kumudzi, laputopu ndiyo yokuyenerani. Ngati muli ndi chipinda chanu pano pa Mponela kapena mu Lilongwe ndipo mungakwanitse UPS, ya patebulo ikupatsani zambiri.

Amene mumadalira sola, tembenuzani chaja muwerenge. Ya laputopu wamba imakhala ya 45W kapena 65W, ya magemu nthawi zambiri imayambira 120W kupita mtsogolo. Kasola kakang'ono kowunikira ndi kutchajira foni sikangainyamule. Dziwaninso kuti mukamasewera pa batire yokha, laputopu imachepetsa mphamvu ndipo sichedwa kuthima.

Adani ena awiri ndi fumbi ndi mphenzi. Mu Seputembala ndi Okotobala fumbi limatseka timabowo topumira, makina n'kumatentha mpaka kudzithimitsa. Musamasewerere pa matiresi kapena pa bulangete. Ikani patebulo, kumbuyo kwake mutsamiritse pa zitsekerero za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Nthawi ya dzinja, kumapiri kuno mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani pulagi kukhoma. Surge protector ndi yotchipa kuyerekeza ndi kukonzetsa kompyuta yopsa.

Tsiku logula, musachite manyazi kukhala mu shopu mphindi 30. Ndalama ndi zanu. Yatsani nokha, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mutsegule pomwe alemba Performance. Pamenepo kompyuta imaulula yokha dzina la purosesa, kukula kwa RAM, mtundu wa disiki ndi graphics card. Sitika munthu atha kumata, koma apa n'povuta kunama. Zulani chaja muone batire ikutsika bwanji. Dinani batani lililonse pa kiyibodi, yesani mabowo onse a USB ndi flash yanu, kamera, Wi-Fi ndi sipika. Apempheni atsegule gemu, musewere mphindi 10, mugwire pansi pake mumve kutentha. Zambiri zomwe zili m'mashopu athu n'zogwiritsidwapo kale ntchito, zomwe amati ex-UK, ndipo palibe cholakwika ndi zimenezo bola mwaziyesa.

Kenako risiti. Ikhale ya dzina lanu, yolembedwa serial number, tsiku, ndi masiku omwe mungabweze ikavuta. Popanda risiti mutha kugula yakuba, apolisi n'kudzakupezani nayo inu. Ndipo wogulitsa akakuchitani chinyengo, ku Competition and Fair Trading Commission amalandira madandaulo a ogula, koma mudzafunika umboni. Zotumiziratu ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu wa pa Facebook musanaone katundu, iwalani.

Mitengo sinditchula, chifukwa katunduyu amagulidwa ndi dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinaona momwe mitengo inasinthira. Funsani mashopu osachepera atatu sabata yomwe mukugulayo, ndipo musathere ndalama zonse pa kompyuta. Siyani ya mbewa, chikwama ndi bandulo, poti gemu ya 100GB kuikoka pa intaneti ya foni ndi ndalama zina. Yambani ndi aulere monga eFootball kapena The Sims 4, yomwe inakhala yaulere mu Okotobala 2022. Magemu obedwa aja amakuikirani pamsika nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi.

Za kopezera ndalama, ndinene mosabisa. Katapila ayi. Banki mkhonde kapena chipereganyu ndi anzanu zimachedwa, koma mumagona tulo. Ndipo mwamuna akati "ndikugulira", dzifunseni kuti akufuna mumubwezere ndi chiyani. Ndikudziwa mtsikana yemwe chibwenzi chitatha analandidwa laputopu momwe munali dissertation yake yonse, chifukwa risiti inali m'dzina la mnyamatayo.

Wina afunsa, bwanji kuvutikira zoseweretsa? Choyamba, kusangalala ndi kwathunso, sitikuyenera kupepesa. Komanso makina omwe akwanitsa gemu ya mpira ndi omwewo akwanitsa kukonza mavidiyo a ukwati, kupanga maposita, kujambula mapulani a nyumba, kuphunzira Blender yomwe ndi yaulere, ndi kulemba mapulogalamu. Sitikunena za kutali. Konkuno ku Dowa, mu kampu ya Dzaleka, Remy Gakwaya wochokera ku Burundi anayambitsa TakenoLAB komwe achinyamata, atsikana omwe, amaphunzira kulemba mapulogalamu. Ku Lilongwe, mHub anaiyambitsa ndi mayi, Rachel Sibande.

Ndisanakhale pansi, tichite chinthu chimodzi. Ndabwera ndi laputopu yanga yachiwiri, yomwe ndinagula nditaphunzira zonsezi. Aliyense abwere adine Ctrl, Shift ndi Esc, andiwerengere m'badwo wa purosesa ndi dzina la graphics card. Amene ayambe kukhoza asewera nane gemu yoyamba. Ndikuchenjezeretu, ine ndimasankha timu yamphamvu ndipo sindimvera chisoni.