Wamalonda pa Ulendo wa ku Dar es Salaam

Inu amayi ndi abambo ogulitsa m'misika ya ku Matero, Chawama, Kanyama ndi Mtendere, lero tikambirane za ulendo wokagula katundu ku Dar es Salaam, mzinda waukulu wa Tanzania umene uli m'mbali mwa nyanja ya mchere ya Indian Ocean. Ambiri a inu mpamba wanu ndi wa chilimba kapena wa ngongole. Tsono dziwani kuti phindu la ulendo wotere limapezeka kapena kutayika munthu asananyamuke pakhomo.

Njira imeneyi ili ndi mbiri yake. Pamene Ian Smith analengeza mwa iye yekha kuti Rhodesia ndi dziko lodzilamulira mu 1965, Zambia inasowa njira yodalirika yopitira kunyanja. Pulezidenti Kenneth Kaunda ndi Mwalimu Julius Nyerere anagwirizana ndi dziko la China, ndipo njanji ya TAZARA inamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975. Kutalika kwake ndi makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi. Woyenda pa basi amatsata msewu wa Great North kudzera ku Serenje ndi Mpika kufikira ku Nakonde, naolokera ku Tunduma, kenaka Mbeya, Iringa ndi Morogoro. Ulendowu ndi wautali, choncho patulani ndalama za chakudya ndi malo ogona, zisasakanizike ndi mpamba.

Choyamba choti mukumbukire mukaoloka malire ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo pa ife ndi ola limodzi. Ndiponso m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira kutuluka kwa dzuwa. Wogulitsa akati mubwere "saa mbili asubuhi", sakunena 2 koloko ayi, akunena 8 koloko m'mawa. Wosadziwa zimenezi angathe kusiyidwa ndi basi katundu wake ali m'kati.

Chachiwiri ndi msika. Malonda ambiri a zovala, zitenje, nsapato ndi ziwiya amachitika ku Kariakoo, dera limene dzina lake linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kumeneko anthu ndi piringupiringu, ndipo mlendo amadziwika msanga. Tsiku loyamba musagule kanthu. Yendani, funsani mitengo m'masitolo atatu kapena anayi, ndi kulemba m'kabuku. Phunzirani mawu ochepa: "bei gani" ndiko kufunsa mtengo, "punguza" ndiko kupempha kuti atsitse. Akulu anati safunsa anadya phula. Komabe chenjerani ndi munthu wokuthamangirani kuti akutsogolereni, pakuti malipiro ake amabisika mu mtengo wa katundu wanu.

Chachitatu ndi ndalama. Kumeneko mudzalipira ndi mashilingi a Tanzania. Sinthani ndalama ku banki kapena ku ofesi yovomerezeka, osati kwa anyamata a m'misewu, ndipo musaike zonse m'thumba limodzi. Musanyamulenso majumbo apulasitiki, chifukwa analetsedwa m'dzikomo mu 2019.

Chachinayi ndi makalata. Pasipoti yanu ikhale yosatha nthawi, ndipo pa chilichonse chimene mwagula tengani lisiti. Pobwerera, a Zambia Revenue Authority pa Nakonde adzafuna kudziwa mtengo wa katundu kuti awerengere msonkho. Wopanda malisiti alibe pogwira potsutsa mtengo umene amuikira, ndipo wodutsa njira zachidule angathe kulandidwa zonse.

Potsiriza, musananyamuke khalani pansi ndi cholembera. Phatikizani mtengo wa katundu, wa basi, wa malo ogona, wa onyamula ndi wa msonkho, ndipo mugawe ndi chiwerengero cha zinthu zimene mudzabwera nazo. Ngati chitenje chimodzi chidzafika pa Soweto Market ndi mtengo woposa umene anzanu akugulitsira, ulendowo uyambe wadikira.